0.00 sikutanthauza kuti palibe kanthu

Pali cholakwa china chomwe ndinachita ndili wophunzira ntchito pa labotale ina kunja kwa dziko lino, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira ndimachita kamanyazi. Sindinaswe chipangizo, sindinadule waya ayi. Ndinangolemba `-f 2` pamalo pomwe sipankafunika, basi. Tizilembo timeneti tinandibisira vuto kwa maola atatu athunthu, ine maso ali pa sikirini nthawi yonseyo.

Lero ndikufuna ndikufotokozereni za tizilembo totere, tomwe pa Chingerezi amati options. Mfundo yanga ndi imodzi. Zomwe mukuona pa sikirini si makina enieniwo, koma ndi yankho la funso lomwe mwafunsa. Mukafunsa mokhota, yankho limabweranso lokhota, ndipo kompyuta siikuchenjezani.

Kulankhula ndi kompyuta popanda mbewa

Ambirife tinazolowera kudina tizithunzi ndi mbewa kapena kugunda ndi chala pa foni. Koma pali njira ina yakale yomwe akatswiri amaikondabe: kutsegula kazenera kakuda, kulembamo lamulo, n'kudina Enter. Njirayi amaitcha command line. Musaione ngati yachilendo. Mukamagula bandulo polemba nyenyezi, manambala ndi hashi, mukuchita zofananako: mukulemba lamulo lalifupi lomwe makina amalimvera momwe lililimo. Mukaphonya nambala imodzi, mwagula bandulo ina.

Lamulo la pa command line kawirikawiri limakhala ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi dzina la pulogalamu. Chomaliza ndi chinthu chomwe mukufuna pulogalamuyo igwirepo ntchito. Pakati pamakhala ma option, omwe amayamba ndi kamzere kopingasa. Zili ngati kutuma mwana ku msika. "Gula" ndiye pulogalamu, "tomato" ndiye chinthucho, ndipo "wakupsa bwino, milu iwiri" ndiwo ma option. Mukapanda kunena, mwanayo asankha yekha malinga ndi chizolowezi chake. Kompyuta nayonso ili ndi chizolowezi chomwe imatsata mukapanda kuiuza kanthu, ndipo chimenecho chimatchedwa default. Kalembedwe ka kamzereka kanafala kudzera mu Unix, yomwe Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kuipanga ku Bell Labs ku America mu 1969.

Makina omwe ndikunena

Pulogalamu yomwe ndinalakwitsa nayo imatchedwa `camonitor`. Ndi kachidutswa ka gulu la mapulogalamu lotchedwa EPICS, lomwe limayendetsa ndi kuyang'anira makina akuluakulu a sayansi. EPICS inayambira ku Los Alamos National Laboratory ndi ku Argonne National Laboratory ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira mu 2004 aliyense akhoza kuitenga kwaulere. Imagwira ntchito ku Advanced Photon Source pafupi ndi Chicago, komwe maelekitironi amazungulira mumpope wotalika mamita pafupifupi 1,100. Imagwiranso ntchito ku Diamond Light Source ku England, ku ITER ku France, ndi ku LIGO, komwe pa 14 September 2015 anagwira koyamba mafunde a gravity ochokera kutali m'mlengalenga.

Makina otere amakhala ndi masensa masauzande ambirimbiri. Ena amayeza kutentha kwa madzi oziziritsa, ena mphamvu ya magetsi mu maginito, ena ngati vavu ili yotsegula kapena yotseka. Palibe munthu angathe kuzungulira n'kumawerenga mamita onsewo ndi maso. Choncho masensawo amalumikizidwa ku timakompyuta totchedwa IOC. Muyezo uliwonse amaupatsa dzina lakelake, ndipo muyezo wokhala ndi dzina chonchi amautcha PV. Mwachitsanzo, kutentha kwa madzi a mu thanki akhoza kukutcha `TANK:TEMP`. Aliyense amene ali pa netiweki ya labotaleyo akhoza kufunsa dzinalo n'kulandira nambala yake.

Pali timapulogalamu titatu tomwe wophunzira aliyense amayamba nato. `caget` imafunsa kamodzi, kulandira yankho, n'kutseka. `caput` imalemba nambala yatsopano m'makinamo, ndiye yoopsa, chifukwa ikhoza kutsegula vavu yeniyeni. `camonitor` imangomvetsera. Imauza IOC kuti "chikasintha undiuze," kenako imakhala phee kudikira. Uthenga ukafika imasindikiza mzere umodzi wooneka chonchi:

`TANK:TEMP 2024-03-05 14:02:11.503218 25.6`

Pali dzina, tsiku ndi nthawi, kenako nambala. Ngati nambalayo yadutsa malire omwe anaikidwa, kumapeto kwa mzere kumabwera mawu awiri, monga `HIGH MINOR` kapena `HIHI MAJOR`. Liwu loyamba likunena mtundu wa vuto, lachiwiri kukula kwake.

Zomwe zinandichitikira

M'mipope momwe maelekitironi amadutsa simufunika mpweya, chifukwa akagundana ndi timamolekyu ta mpweya amamwazika. Ndiye mapampu amayamwa mpweyawo mpaka kutsala pang'ono zedi. Mpweya womwe tikupumawu pressure yake ili pafupifupi 1,013 mbar m'mbali mwa nyanja yamchere. M'mipope imeneyi amafuna ifike cha m'ma 0.000000001 mbar. Werengani maziro amenewo bwinobwino, nkhani yonse yagona pamenepo.

Tsiku limenelo tinali ndi chidutswa chatsopano cha mpope chomwe chinali pa mayeso. Anali atachitenthetsa kwa masiku angapo kuti chinyezi cha m'kati chichoke, ndipo tsopano chinali kuzizira, pampu ikuyamwabe. Injiniya wamkulu, mayi wodekha koma wosalola zachibwana, anandiuza kuti ndiziyang'ana pressure ndipo ndiwauze ikayamba kukwera. Poti chidutswacho chinali chatsopano, malire a alamu anali asanaikidwe. Alamu ndinali ineyo.

M'mawa mwake ndinali nditayang'anira kutentha kwa madzi ndi lamulo lakuti `camonitor -f 2 TANK:TEMP`. Option ya `-f 2` imatanthauza kuti "ndionetse manambala awiri okha kutsogolo kwa kadontho." Pa kutentha kwa madzi zinali bwino ndithu: 25.61, 25.64, zooneka mwaudongo. Ndiye masana ndinangodina batani la muvi wolozera m'mwamba kuti lamulo lakale libwerere, n'kufufuta dzina la thanki, n'kulembapo dzina la sensa ya mpope. Ka `-f 2` kaja ndinakasiya pomwepo.

Sikirini inalemba 0.00. Ine mumtima ndinati, eya, mulibe mpweya, ndiye ziro. Patapita kanthawi, 0.00. Kenako 0.00 ina. Maola atatu anadutsa chonchi, ine ndikulemba m'kope kuti zonse zili bwino.

Mayi aja atabwera anangoyang'ana kamodzi n'kundifunsa kuti, "Kodi unaonapo kuti mpope wokhala ndi pressure ya ziro?" Ndinati, "Pepani mayi, ndi zomwe ikuonetsa." Iwo anati, "Ikuonetsa zomwe waipempha. Taona lamulo lako." Anadina Ctrl ndi C kuimitsa pulogalamuyo, n'kusintha `-f 2` kukhala `-e 2`. Nthawi yomweyo sikirini inalemba 4.20e-07. Atayang'ana mu nkhokwe yosunga mbiri ya miyezo, anapeza kuti pomwe ndinkayamba inali 2.10e-09.

Amene munaphunzira standard form mu Masamu mwaizindikira kale. 2.10e-09 ndi 2.10 × 10⁻⁹, ndipo 4.20e-07 ndi 4.20 × 10⁻⁷. Gawani yachiwiriyo ndi yoyambayo mupeza 200. Pressure inali itakwera ka 200, ine ndikuyang'ana. Pozizira paja, polumikizira pena panali patayamba kulowetsa mpweya. Anapapeza popemerera helium mozungulira polumikizirapo, koma ntchito yomwe ikanayamba masana inayamba usiku, ndipo anthu atatu anaweruka mochedwa chifukwa cha ine.

Kodi kompyuta inanama? Ayi. Nambala iliyonse yochepera 0.005 mukaifupikitsa kufika pa malo awiri imakhala 0.00. Pressure ija ikanatha kukwera kuposa ka 2 miliyoni, sikirini ikulembabe 0.00. Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti chizindikiro chinalipo. `camonitor` siisindikiza mzere popanda chifukwa. Mizere yatsopano imabwera chifukwa china chake chikusintha. Ndikanadzifunsa kuti "nanga bwanji mizere ikubwera koma nambala ndi yomweyomweyo?" ndikanaligwira vutolo m'mphindi zisanu.

Ma option osintha maonekedwe a nambala

Tsopano tione ma option a `camonitor` m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi lomwe linandigwetsa lija. Ma option amenewa sasintha zomwe sensa yayeza, amangosintha momwe nambalayo ikulembedwera.

`-f` amalemba nambala mwachizolowezi, ndi malo omwe mwanena kutsogolo kwa kadontho. Ndi wabwino pa zinthu monga kutentha kwa madzi. `-e` amalemba mu standard form, ndiye woyenera pa manambala aang'ono kwambiri kapena aakulu kwambiri. `-g` amasankha yekha pakati pa ziwirizi, ndipo nambala yomwe mwampatsa imanena kuchuluka kwa significant figures.

Mukapanda kulemba chilichonse, default imatsata kalembedwe ka `-g` ndi significant figures 6. Kunena zoona, ndikanapanda kulemba option iliyonse tsiku lija, ndikanaona 2.1e-09 bwinobwino. Koma musaganize kuti default siingakupusitseni. Tiyerekeze kuti maginito akudya magetsi a 1250.001 A, kenako 1250.002, kenako 1250.004. Ndi significant figures 6, manambala onse atatuwa aoneka 1250. Apa ndiye `-f 3` akupulumutsani. Mwaona eti? Option yemweyo amene anandibisira vuto pa mpope ndi amene akuulula vuto pa maginito. Palibe option wabwino paliponse. Muyenera kudziwiratu kukula kwa nambala yomwe mukuyembekezera, ndi kusintha kochepetsetsa komwe kuli ndi tanthauzo.

M'gulu lomweli mulinso `-n`. Zinthu monga vavu zimakhala ndi mayina, mwachitsanzo Open ndi Closed, ndipo `camonitor` imaonetsa mayinawo. Mukaika `-n` imaonetsa 0 kapena 1. Chenjerani apa: 0 sikutanthauza kutseka nthawi zonse. Amene anakonza IOC ndi amene anasankha dzina loyendera 0 ndi loyendera 1. Palinso `-#`, wothandiza pamene PV imodzi yanyamula mndandanda wa manambala ambiri. `-# 5` akuonetsani asanu oyamba okha, m'malo moti sikirini yonse idzaze.

Option wosankha nkhani zomwe zikufikeni

Gulu lachiwiri ndi lozama kuposa loyamba, chifukwa limasintha uthenga womwe IOC ikutumizireni. Option wake ndi `-m`, ndipo amatsatiridwa ndi chilembo chimodzi kapena zingapo mwa izi: `v`, `a`, `l` ndi `p`. Chilembo `v` chikuti "undiuze nambala ikasintha." `a` chikuti "undiuze alamu ikasintha." `l` chikuti "undiuze pakakhala kusintha koyenera kusungidwa m'nkhokwe ya mbiri." `p` chikuti "undiuze zofotokozera za PV zikasintha," monga mayunitsi kapena malire ake. Default ndi `va`.

Kuti mumvetse kusiyana kwa `v` ndi `l`, dziwani kaye kuti sensa iliyonse imanjenjemera pang'ono. Ngakhale madzi asasinthe, nambala yomaliza imavinavina. IOC ikanati izitumiza kugwedezeka kulikonse, netiweki ikanadzaza ndi phokoso. Ndiye PV imakhala ndi kampata kotchedwa deadband: kusintha kosapitirira kampatako sikutumizidwa. Timipatati tilipo tiwiri. MDEL ndi ka omvetsera a `v`, ADEL ndi ka omvetsera a `l`.

Tiyerekeze kuti pa thanki yathu MDEL ndi 0.5 ndipo ADEL ndi 2. Nambala yomaliza kutumizidwa inali 25.0. Madzi akafika 25.3, palibe amene auzidwe. Akafika 25.6, wa `-m v` alandira mzere, wa `-m l` sikirini yake ili zii. Ameneyu adikira mpaka madzi apitirire 27.0. Wa `-m a` ndiye sangamve kanthu ngakhale pamenepo, mpaka malire a alamu atadutsidwa. Anthu atatu akuyang'ana thanki imodzi, pa nthawi imodzi, koma aliyense akuona nkhani yake.

Zili ngati kusiya m'bale wanu akudikirira mphika wa nyemba. Wina mwamuuza kuti akuitaneni madzi akachepa pang'ono, wina mwamuuza kuti akuitaneni zikayamba kupserera basi. Wachiwiriyu akakhala chete, sizikutanthauza kuti madzi akadali odzaza. Choncho sikirini ikakhala chete, funso loyamba likhale lakuti: kodi ndinapempha kuti azindiuza chiyani?

Ma option a nthawi

Gulu lachitatu ndi la `-t`. Nthawi yomwe imaoneka pa mzere uja, mwa default, si ya pa kompyuta yanu. Ndi nthawi yomwe IOC inadinda pa muyezowo. `-t s` ndiyo imeneyo. `-t c` imaonetsa nthawi yomwe uthengawo wafika pa kompyuta yanu, ndipo `-t sc` imaonetsa zonse ziwiri pamodzi. Zikasiyana ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi, palibe chodetsa nkhawa. Zikasiyana ndi mphindi zisanu, ndiye kuti wotchi ya mbali imodzi yasokonekera, kapena uthenga ukuchedwa panjira. Izi si zazing'ono ayi. Makina akazima mwadzidzidzi, akatswiri amafuna kudziwa chomwe chinayamba: pampu ndiyo inaima kaye, kapena vavu ndiyo inatseka kaye? Wotchi imodzi ikakhala yolakwika, akhoza kuimba mlandu chipangizo chosalakwa n'kusiya cholakwacho.

Mukaphatikiza `i`, monga `-t si`, m'malo mwa tsiku ndi ola mumaona masekondi omwe adutsa kuchokera pa mzere wapitawo. Ngati PV imayenera kutumiza sekondi iliyonse koma mwadzidzidzi mwaona 7, mwadziwa kuti penapake panachita chidodo. `r` amawerenga kuchokera pomwe munayatsira pulogalamu, ndipo `n` amachotseratu nthawi.

Chilembo chachikulu si chilembo chaching'ono

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwa. Mu `-t`, ka `i` kakang'ono kamawerenga kuchokera pa mzere wapitawo, kaya unali wa PV iti. `I` wamkulu amawerenga payekhapayekha pa PV iliyonse. Mukamayang'ana PV imodzi simuona kusiyana, koma mukayang'ana zitatu manambala amasiyana kotheratu. Chimodzimodzi `-s` ndi `-S` ndi ma option awiri osiyana.

Komanso chilembo chimodzi chikhoza kukhala ndi matanthauzo awiri m'mapulogalamu apachibale. Mu `camonitor`, `-t` ndi za nthawi. Mu `caget`, `-t` amatanthauza "ndipatse nambala yokha popanda dzina." N'chifukwa chake option wofunika kuposa onse ndi `-h`. Mukalemba `camonitor -h`, pulogalamuyo imakulemberani ma option ake onse ndi default ya chilichonse. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ine ndinkaona ngati kuwerenga `-h` ndi kwa osadziwa, koma ndinadzaona mayi aja, ndi zaka zawo zonse pa ntchito, akuiwerengabe.

Yesani nokha

Simukufunika makina a mamita 1,100 kuti muzolowere zimenezi. Ngati pasukulu panu pali kompyuta ya Windows, pemphani chilolezo kwa aphunzitsi, tsegulani Command Prompt, mulembe `ping 127.0.0.1`. Nambala imeneyi ndi adiresi ya kompyuta yomweyo, ndiye sipafunika intaneti. Kompyuta idzitumizira timauthenga tinayi n'kusiya. Tinayi timeneti ndiye default. Tsopano lembani `ping -n 10 127.0.0.1` muwerenge mizere. Kenako yesani `ping -t 127.0.0.1`. Iyi siisiya yokha mpaka mutadina Ctrl ndi C, ngati momwe `camonitor` imachitira. Pomaliza lembani `ping /?` muone mndandanda wonse. Amene muli ndi Linux, kumeneko kuchuluka kwa mauthenga amakunena ndi `-c`, ndipo `-t` ali ndi ntchito ina. Dzina la pulogalamu ndi limodzi, malamulo ndi osiyana.

Nali funso loti mulimbane nalo m'kope. Sensa yayeza 0.00034, kenako 0.00071. Lembani momwe manambala awiriwa angaonekere ndi `-f 2`, ndi `-f 4`, komanso ndi `-e 1`. Ndi kalembedwe kati komwe kakuonetsa bwino kuti nambalayo yakwera kupitirira kawiri?

Kuchokera tsiku lija, ndisanadine Enter ndimadzifunsa mafunso atatu. Nambala yomwe ndikuyembekezera ndi yaikulu bwanji? Ndapempha kuti azindiuza pakachitika chiyani? Nthawi yomwe ndikuona ndi ya wotchi iti? Ndipo ndikabweza lamulo lakale ndi batani la muvi, ndimaliwerenga lonse kuyambira pachiyambi, osati dzina lomaliza lokha. Mayi aja sanandikalipire. Anangondiuza kuti ndilembe m'kope la labotale zomwe zinachitika, pamodzi ndi lamulo lomwe ndinagwiritsa ntchito, chilembo ndi chilembo, kuti wophunzira wobwera pambuyo panga adzawerenge.